Nkhope zanga zikutuluka ngati matope: kodi kukopera chithunzi cha katswiri wakale kungandithandize?

Funso lachokera kwa wowerenga wa ku Salima: "Ndimalemba zikwangwani za mashopu ndi kujambula mitu pa makoma a malo ometera ku Kamuzu Road ndi ku Senga Bay. Mlamu wanga anandibweretsera machubu a penti wa mafuta kuchokera ku Joni. Ndikufuna kujambula nkhope ya mayi anga. Ndayesa katatu, koma khungu likumatuluka lotuwa ngati phulusa, pena ngati matope. Wina wandilangiza kuti ndiyambe ndakopera chithunzi cha wojambula wakale, koma mnzanga akuti kumeneko n'kuba. Ndiyambire pati?"

Achimwene, mnzanuyo mumuuze kuti kuba ndi kutenga ntchito ya mwini wake, kulembapo dzina lanu, n'kukaigulitsa kwa mlendo ku Senga Bay ngati yochokera m'mutu mwanu. Kukopera kuti muphunzire ndi nkhani ina. Wosema bwato aliyense amene mumamudziwa kunyanjako anayamba wakhala pambali pa mkulu wina, akuyang'ana mmene akugwirira kasemasema, pamene akusema mozama ndi pamene akusiya thabwa lokhuthala. Ojambula nawonso ndi momwemo. Nyumba yosungira zithunzi ya Louvre ku Paris inatsegulidwa mu 1793, ndipo ophunzira akhala akuloledwa kukakhala kutsogolo kwa zithunzi ndi maburashi awo n'kumakopera. Wojambula wa ku France Edgar Degas anachita zimenezi zaka zambiri. John Singer Sargent, amene anadzatchuka kwambiri pojambula nkhope za anthu, anapita ku Madrid mu 1879 kukakopera ntchito za Velázquez, wojambula wa mfumu ya ku Spain, ndipo mu 1880 anapita ku Haarlem kukakopera za Frans Hals. Chofunika n'chakuti kumbuyo kwa bolodi mulembe kuti mwatsanzira uje, chaka chakuti. Ngati mwini chithunzi ali moyo kapena wamwalira posachedwa, mungaphunzirepo kunyumba kwanu, koma musagulitse popanda chilolezo, chifukwa lamulo limateteza ntchito zotere ndipo kuno kwathu bungwe la COSOMA ndi limene limaona zimenezi.

Koma musangotola chithunzi chilichonse. Mabuku ambiri ophunzitsa kujambula ali ndi nkhope za azungu, ndipo kasakanizidwe ka penti kamene mungaphunziremo sikakufikitsani pa khungu la mayi anu. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga chithunzi chimodzi chokha n'kukhala nacho mwezi wathunthu: nkhope ya Juan de Pareja, imene Diego Velázquez anajambula ku Rome mu 1650. Chili ku Metropolitan Museum of Art ku New York, ndipo kuyambira 2017 nyumbayi imalola aliyense kutenga kwaulere pa intaneti zithunzi za ntchito zakale zimene ili nazo. Gulani bandulo, mutenge chachikulu kwambiri kuchokera patsamba lawo lenileni. Musadalire chimene wina wakutumizirani pa WhatsApp, chifukwa chimafika chitafinyidwa, mitundu yasokonekera ndipo mapazi a burashi saonekanso. Mukapulinte makope awiri, ina yamitundu, ina ya fotokope wamba yakuda ndi yoyera. Yachiwiriyi, yotchipayo, ndi imene idzakuphunzitseni zambiri.

Pareja anali munthu wa khungu lakuda, wobadwira ku Antequera ku Spain, ndipo pa nthawi imene ankajambulidwayo anali kapolo wa Velázquez, akugwira ntchito m'nyumba yake yojambuliramo. Chikalata chomumasula chinasainidwa mu November chaka chomwecho, koma anayenera kutumikirabe zaka zina zinayi. Pambuyo pake anakhala wojambula payekha, ndipo chithunzi chake cha kuitanidwa kwa Mateyu Woyera, cha mu 1661, chili ku Prado ku Madrid. Ife a m'mbali mwa nyanja ino mbiri ya ukapolo si yachilendo, Nkhotakota ya Jumbe ili pafupi pomwepa, ndipo ine sindingathe kuyang'ana maso a Pareja osakumbukira kuti amene ankamujambulayo ankamuwerengera pa katundu wake. Komabe taonani mmene wakhalira, mutu uli njo, akutiyang'ana mosaopa. Wolemba mbiri wakale Antonio Palomino ananena kuti Velázquez anajambula nkhopeyi pofuna kukonzekeretsa dzanja asanajambule Papa Innocent X. Ngati zinalidi choncho, ndiye kuti ngakhale katswiri wa mfumu ankayamba wayeserera.

Tsopano tiyeni ku matope anuwo, chifukwa ndikudziwa kumene akuchokera. Dzanja lanu linakulira pa zikwangwani. Pa chikwangwani mumalemba mzere wa kunja, kenako n'kudzaza m'kati ndi mtundu umodzi wosalala, ndipo ntchito yabwino ndi imene m'mphepete mwake muli mwakuthwa paliponse kuti munthu awerenge ali pa kabaza. Luso limenelo ndi lenileni, lidzakuthandizani pa kukhazikika kwa dzanja. Koma mukalitengera ku nkhope, mumasakaniza bulauni mmodzi n'kumutcha mtundu wa khungu, mumapaka nkhope yonse, kenako mumathira penti woyera pamene pakuwala ndi wakuda pamene pali mthunzi. Woyera akalowa mu bulauni amamuziziritsa, ndiye phulusa lija. Wakuda akalowa amamupha, ndiye matope aja. Mukaona kuti sizikukoma mumapitiriza kupukusa burashi pamalo omwewo, zonse n'kusakanikirana. Vuto si machubu a mlamu wanu. Vuto ndi ganizo loti khungu lili ndi mtundu umodzi.

Choncho masiku atatu oyamba musatsegule chubu ngakhale chimodzi. Khomani fotokope ija pakhoma, mubwerere masitepe atatu, mutsinzine pang'ono mpaka tizinthu ting'onoting'ono tisowe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzifunseni kuti choyera kwambiri pachithunzi chonse n'chiyani. Mudzapeza kuti ndi kolala yoyera imene ili m'khosi mwake. Ndiye yerekezani kuwala kwa pamphumi ndi kolalayo. Mphumi ikuoneka yowala ndithu, koma mukabowola kabowo pa pepala loyera n'kuyang'anira pamenepo, mudzadabwa mmene iliri yakuda poyerekeza ndi pepalalo. Ikuwala chifukwa cha mdima umene waizungulira, tsitsi lija ndi ndevu zija, osati chifukwa chakuti anathirapo penti woyera wambiri. Yang'ananinso choyera cha m'maso. Si choyera ayi, n'chotuwa, chili mumthunzi wa zikope. Ophunzira ambiri amapaka titanium white, penti woyera wa m'chubu, wosasakaniza pamenepo, munthu n'kuoneka ngati wadzidzimuka.

Kenako tsatirani m'mphepete mwa mutu ndi chala. Pali malo amene mzere ndi wakuthwa, monga pamene kolala yakumana ndi chovala chakuda. Pali malo ena amene simungathe kunena kuti tsitsi lathera apa ndipo khoma layambira apa. Ndevu zalowa mumthunzi wa pansi pa chibwano popanda malire. Kwa wolemba zikwangwani zimenezi zimaoneka ngati ntchito yosamaliza, koma ndi zimene zikupangitsa mutuwo kuoneka wobulungira, woti mungauzungulire. Kulitsani chithunzicho pa foni pa zokongoletsa za m'mphepete mwa kolala. Muli patali mumaganiza kuti anajambula ulusi uliwonse. Mukayandikira mupeza timadontho ndi timikwasa tochepa toponyedwa mwachangu. Phunziro lonse lagona pamenepa: simukukopera nkhope ya Pareja, mukufufuza zimene Velázquez anasankha kuika ndi zimene anasiya, komanso chimene chinayamba ndi chimene chinabwera pamwamba.

Zikatero konzani popentapo. Chinsalu chodula musavutike nacho panopa. Pitani ku hadiweya mukadulitse hadibodi m'zidutswa zinayi kapena zisanu zokulirapo pang'ono kuposa pepala la A4. Palani pang'ono ndi sandipepa mbali yosalalayo. Ngati mwapeza gesso, choyera chimene ojambula amapaka pa bolodi asanayambe kujambula, pakani kawiri kapena katatu. Ngati palibe, pa zoyeserera izi mungapake guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi, akauma n'kupakapo penti woyera wa madzi wa pakhoma kawiri. Pakaninso kumbuyo kuti bolodi lisapindike. Chimene simuyenera kuchita ndi kupaka penti wa mafuta pa nsalu kapena pepala losatetezedwa, chifukwa mafutawo amalowa mu ulusi n'kumauwoletsa pang'onopang'ono.

Kope yoyamba ikhale ya mtundu umodzi wokha, bulauni wakuda wotchedwa burnt umber. Musungunuleni pang'ono ndi tapentaini, mupake bolodi lonse kuti likhale la bulauni wapakati, kenako mutenge kansanza mukulunge pa chala n'kumafufuta pamene pali kuwala: mphumi, msana wa mphuno, tsaya, kolala. Pamene pali mdima muonjezere penti ndi burashi yaikulu, yaikulu kuposa imene mtima wanu ukufuna. Musayambe ndi maso. Ndikubwereza, musayambe ndi maso. Yambani ndi chimdima chachikulu cha tsitsi, ndevu ndi chovala ngati chinthu chimodzi cholumikizana. Poyeza, tambasulani mkono, mugwiritse ntchito chogwirira cha burashi ndi chala chachikulu: kuchokera pachibwano kufika pamphuno ndi kangati poyerekeza ndi mutu wonse? Kumbukirani kuti maso amakhala cha pakati pa mutu, osati m'mwamba monga timawaikira m'mitu ya malo ometera. Mukatopa tembenuzani bolodi ndi fotokope zonse chadodolido, kapena muziyang'ane pa kalilole. Zolakwika zimene diso linazolowera zimaonekera pomwepo. Kudinda pogwiritsa ntchito pepala loonekera kumapereka chithunzi chofanana msanga, koma diso silitolapo kanthu, ndipo tsiku limene mayi anu adzakhale kutsogolo kwanu sipadzakhala podinda.

Kope imeneyi ichiteni kawiri kapena katatu, iliyonse osapitirira maola awiri. Ikayamba kuoneka ngati munthu muli masitepe atatu, ngakhale mulibe nsidze kapena mizere ya milomo, ndiye kuti mwakonzeka kutsegula machubu ena.

Musatsegule onse. Wojambula wa ku Sweden Anders Zorn, amene anamwalira mu 1920, amadziwika ndi kujambula nkhope zambiri ndi mitundu inayi yokha: woyera, yellow ochre, wofiira ndi wakuda wotchedwa ivory black. Pa khungu lathu ine ndimaonjezerapo burnt sienna, burnt umber ndi buluu wotchedwa ultramarine pang'ono. Mayinawa asakuopseni. Ochre, sienna ndi umber ndi dothi basi, loyengedwa n'kusakanizidwa ndi mafuta, abale ake a katondo amene amayi amazirira nyumba. Musanakhudze bolodi, tengani mpeni wopyapyala musakanize milu isanu pa galasi kapena pa thabwa, kuyambira wakuda kwambiri wa mumthunzi kufika wowala kwambiri wa pamphumi. Mulu uliwonse muuyese poika kadontho pa pulasitiki yoonekera n'kuiika pamwamba pa kope yamitundu ija. Pofuna kuwalitsa bulauni, yambani ndi ochre ndi kofiira pang'ono, woyera abwere pomalizira ndipo mochepa. Pofuna kudetsa, sakanizani umber ndi ultramarine kapena umber ndi wofiira, mudzapeza mdima wamoyo umene wakuda wa m'chubu yekha sangakupatseni. Wakuda ndi woyera asiyireni khoma lakumbuyo ndi chovala, ndipo mukathiramo ochre mudzaona akusanduka wotuwa wobiriwira, wofanana ndi umene uli m'chithunzicho.

Popaka, mdima ukhale wopyapyala, kuwala kukhale kokhuthala. Ikani penti pamalo pake n'kumusiya. Ngati mtundu walakwika, musaukonzere pa bolodi. Upaleni ndi mpeni, musakanize wina, muikenso. Khalani ndi maburashi awiri, ina ya mitundu yakuda, ina ya yowala, ndipo muzipukuta pa nsanza pafupipafupi. Mukafuna kufewetsa malire a kuwala ndi mthunzi pa tsaya, musapukuse. Sakanizani mtundu wapakati, nthawi zambiri wofiirirako kuposa awiri enawo, muuike pakati pawo.

Pali lamulo limodzi la penti wa mafuta limene silikambirana ndi munthu. Zigawo za pansi zikhale ndi mafuta ochepa, za pamwamba zikhale ndi ochulukirapo. Penti ameneyu sauma ngati madzi amene amangouluka. Mafuta a linseed amene ali mu pentiyo amamwa mpweya n'kumalimba pang'onopang'ono. Mukaika chigawo chouma msanga pamwamba pa chigawo chonona chimene chikanali chofewa, chapansicho chimasuntha, chapamwamba n'kung'ambika. Zinandichitikira ndikuyamba kumene. Banja lina linandipempha kujambula bambo awo amene anali atamwalira, ndipo pofuna kuti penti aziterera ndinathira mafuta ambiri pachigawo choyamba, n'kufulumira kumaliza pamwamba ndi penti wosungunula ndi tapentaini. Chisanathe chaka nkhope ya malemuwo inali ndi ming'alu ngati dambo la mu Okutobala. Ndinajambulanso china kwaulere, koma nkhope ya mayi wamasiye uja pamene ankandionetsa ming'aluyo sindinaiiwale. Dziwaninso kuti mitundu siuma mofanana: umber amauma tsiku limodzi kapena awiri, pamene titanium white, ivory black ndi ofiira kapena achikasu a cadmium amatenga masiku angapo.

Ndipo poti muli ku Salima, pali zina zimene mabuku a kunja sadzakuuzani. Penti wa gilosi wa zitseko ndi mawindo, amene mumalembera zikwangwani, si yemweyo ndi wa m'machubu ngakhale onse timawatcha a mafuta. Amayenderera, amagwira msanga, sakupatsani mpata wosema nkhope, choncho musawasakanize. Mafuta ophikira musayerekeze n'komwe, a mtedza sauma, chithunzi chimakhala chonata mpaka kalekale. Linseed wa ku hadiweya, wopakira matabwa uja, amauma msanga koma amachita chikasu pakapita nthawi, ndiye pa zoyeserera alibe vuto, pa nkhope ya mayi funani wa ojambula. Palafini ndi wotsukira maburashi basi, kenako muwachape ndi sopo wamtanda ndi madzi. Tapentaini ndi thina pa kutentha kwa kuno zimauluka msanga n'kudzaza chipinda, mutu n'kumawawa, choncho gwirirani ntchito pakhonde kapena mawindo ali otsegula, ana ali kutali. Nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike pakona. Zimatentha zokha ndipo zimatha kuyaka moto. Ziyanikeni panja motambasula kapena muziviike m'chitini cha madzi. Nyengo ya mwera fumbi limamatirira pa penti wosauma, ndipo tizilombo ta nkhungu tikatuluka m'nyanja timatha kudzaza nkhope yonse usiku umodzi, makamaka ngati mwasiya nyali pafupi. Tsamiritsani bolodi moyang'anitsa kukhoma, litatalikirako pang'ono kuti mpweya uzidutsa. M'dzinja musasunge zithunzi pansi kapena mu pulasitiki, zimachita nkhungu ya chinyezi kumbuyo. Vanishi dikirani miyezi isanu ndi umodzi.

Foni ili ndi malire ake. Singakuonetseni kukhuthala kwa penti kapena mmene kuwala kumagwera pa mizere ya burashi. Mukapeza mpata kwerani minibasi ya msewu wa ku Balaka mukatsikire ku Mua, ku Kungoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Mukaone ndi maso ntchito za manja a anthu, muyandikire, mubwerere m'mbuyo, mucheze ndi amisiri a kumeneko. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo mukamaliza ndi Pareja pali ena oti muwaone. Rembrandt anajambula amuna awiri a ku Africa mu 1661, chithunzicho chili ku Mauritshuis ku The Hague, ndipo chidzakuphunzitsani mmene mitundu yochepa kwambiri ingakwanire. Popeza mayi anu mwina adzavala duku, onaninso mutu wa mayi wotchedwa Madeleine amene Marie-Guillemine Benoist anajambula mu 1800, ku Louvre, muone mmene nsalu yoyera imakhalira pafupi ndi khungu lakuda popanda kulimeza. Ben Enwonwu wa ku Nigeria, amene chithunzi chake cha Tutu chinagulitsidwa ku London mu 2018 pa mtengo woposa mapaundi 1 miliyoni, ndi woyeneranso kumuyang'anitsitsa, koma iyeyu anamwalira mu 1994, ndiye ntchito zake n'zophunzirirapo chabe.

Chimene ndikukuchenjezani n'chakuti musakhazikike pa kukopera. Ndaonapo anyamata aluso amene akopera zaka ndi zaka, koma ukawaikira munthu wamoyo kutsogolo dzanja limanjenjemera. Mwezi ukatha pitani kwa mayi. Musagwiritse ntchito chithunzi cha pa ukwati chojambulidwa ndi fulashi, chifukwa fulashi imapha mithunzi yonse imene mwakhala mukuphunzira kuona. Apempheni akhale pampando pafupi ndi khomo kapena kumapeto kwa khonde, kuwala kuzichokera mbali imodzi, kumbuyo kwawo kukhale khoma losawala kwambiri. Ikani kope yanu ya Pareja pambali kuti muzikumbukira dongosolo. Mudzaona zinthu zimene kope sinakuuzeni: pamphumi ndi pamasaya kuwala kudzakhala kozizira, kotengera buluu wa kumwamba, pamene pansi pa chibwano padzakhala kofiirira kochokera ku dothi la pabwalo kapena ku chitenje chawo. Zimenezo muzijambule monga mukuzionera, ngakhale mutu ukukuuzani kuti khungu la mayi si la buluu.

Tsiku loyamba tengani burnt umber yekha ndi kansanza, monga munachitira poyamba paja. Musawakhazike kupitirira mphindi 20 osapuma, ndipo asamasankhe mpunga kapena kusenda mtedza chifukwa mutu udzawerama. Atsegulireni wailesi kapena muzicheza nawo za kumudzi, nkhope imamasuka munthu akamamvetsera. Musanawalole kunyamuka, lembani ndi choko pansi pamene pali miyendo ya mpando wawo ndi pamene mwaima inu, muonenso nthawi, kuti mawa adzakhale pomwepo dzuwa lili pamalo omwewo.